Kafukufuku wa mafunde a mphamvu yokoka: maphunziro ndi ntchito kwa ophunzira a m'chigawo chino

Pa 14 September 2015 makina awiri a LIGO ku United States anajambula koyamba mafunde a mphamvu yokoka, amene pa Chingerezi amatchedwa gravitational waves. Kuchokera tsiku limenelo nthambi yatsopano ya sayansi ya zakuthambo yakhala ikukula, ndipo ikufuna anthu amene anaphunzira fizikisi, masamu, uinjiniya ndi makompyuta. Mu Africa mulibe makina a mtundu wa LIGO, koma zina mwa zipangizo zimene kafukufukuyu amadalira zili ku South Africa ndi ku Namibia. Nkhani ino ikufotokoza chimene mafundewa ali, kumene kafukufuku amachitikira, ntchito zimene zilimo, ndiponso njira zimene wophunzira wa kummwera ndi pakati pa Africa angadzere kuti alowe m'ntchitoyi.

Kodi mafundewa n'chiyani?

Mu 1915 Albert Einstein anafotokoza kuti mphamvu yokoka, imene imagwetsera pansi mwala woponyedwa m'mwamba ndi kuchititsa mwezi kuzungulira dziko, imabwera chifukwa chakuti zinthu zolemera zimapinda danga ndi nthawi. Mu 1916 anawonjezera kuti zinthu zolemera kwambiri zikamazungulirana mothamanga zimagwedeza dangalo, ndipo kugwedezekako kumafalikira mbali zonse pa liwiro la kuwala, lomwe ndi makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi. Funde lotere likamadutsa, mtunda wa pakati pa zinthu umatalika mbali imodzi n'kufupika mbali inayo, kenako mbalizo zimasinthana.

Kusinthaku n'kochepa kwambiri moti panapita zaka pafupifupi 100 kusanayezedwe. M'zaka za m'ma 1960 Joseph Weber wa ku University of Maryland anayesa kugwira mafundewa ndi migogo ikuluikulu ya aluminiyamu. Mu 1969 analengeza kuti wawapeza, koma magulu ena atabwereza kafukufukuyo sanapeze kanthu. Umboni woyamba wodalirika unachokera kwa Russell Hulse ndi Joseph Taylor, amene mu 1974 anatulukira nyenyezi ziwiri zozungulirana pogwiritsa ntchito telesikopu ya ku Arecibo, ku Puerto Rico. Patapita zaka zinaoneka kuti nyenyezizo zikuyandikizana pang'onopang'ono pa mlingo weniweni umene masamu a Einstein ananena, zomwe zinasonyeza kuti zikutaya mphamvu mwa mafunde. Awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 1993.

Makina a LIGO ali ku Hanford m'boma la Washington ndi ku Livingston m'boma la Louisiana, malo otalikirana makilomita pafupifupi 3,000. Pamalo alionse pali mapaipi awiri olumikizana ngati chilembo cha L, lililonse lotalika makilomita 4, ndipo mpweya unachotsedwamo. Kuwala kwa leza kumagawidwa pawiri, kumayenda m'mapaipi onse awiri, kumagunda magalasi olemera makilogalamu 40 n'kubwerera. Kutalika kwa mapaipiwo kukakhala kosasintha, mbali ziwiri za kuwalako zimazimitsana pokumana. Funde likadutsa, paipi imodzi imatalika pang'ono pamene inzake ikufupika, ndipo kuwala pang'ono kumatulukira pa kachipangizo koyezera. Makinawa anapangidwa kuti azizindikira kusintha kofanana ndi gawo limodzi mwa magawo 10,000 a kukula kwa proton, kanthu kakang'ono ka m'kati mwa atomu. Popeza galimoto yodutsa, mphepo kapena chivomezi chakutali zingagwedeze magalasiwo, chizindikiro chimakhulupiririka kwambiri chikaoneka pamalo awiri pa nthawi yogwirizana.

Chizindikiro cha mu 2015 chinafika ku Livingston, kenako ku Hanford patadutsa magawo 7 mwa magawo 1,000 a sekondi. Chinachokera ku kuwombana kwa ma black hole awiri, wina wolemera kuwirikiza 36 kulemera kwa dzuwa ndipo wina kuwirikiza 29, pa mtunda umene kuwala kumatenga zaka pafupifupi 1.3 biliyoni kuti kuyende. Black hole ndi malo amene mphamvu yokoka ndi yaikulu kwambiri moti ngakhale kuwala sikungathaweko. Nkhaniyi inalengezedwa pa 11 February 2016, ndipo mu 2017 Rainer Weiss, Barry Barish ndi Kip Thorne analandira mphoto ya Nobel. Masiku ano LIGO imagwira ntchito limodzi ndi Virgo, makina a mapaipi a makilomita 3 amene ali ku Cascina pafupi ndi Pisa ku Italy, ndiponso KAGRA, imene inamangidwa pansi pa phiri ku Kamioka ku Japan. Pofika mu September 2025 makinawa anali atajambula zizindikiro pafupifupi 300, zina mwa izo zikuunikidwabe.

Amithenga anayi

Kwa zaka mazana ambiri zonse zimene anthu ankadziwa za kuthambo zinkadzera m'kuwala. Asayansi tsopano amawerenga amithenga anayi. Woyamba ndi kuwala kwa mitundu yonse, kuyambira mafunde a wailesi, kuwala kooneka ndi maso, ma X-ray mpaka ma gamma ray. Wachiwiri ndi mafunde a mphamvu yokoka. Wachitatu ndi ma neutrino, tinthu topepuka kwambiri timene timadutsa m'dziko lonse lapansi osaima. Wachinayi ndi ma cosmic ray, tinthu ta m'kati mwa maatomu timene timafika kuchokera kuthambo pa liwiro lalikulu. Kuphatikiza uthenga wa awiri kapena kuposerapo pa chochitika chimodzi ndiko kumatchedwa multi-messenger astrophysics, kapena kuti sayansi ya amithenga ambiri.

Chigawo chino chili ndi mbiri yake pa ntchitoyi. Mu February 1965 gulu la Frederick Reines ndi Friedel Sellschop linajambula ma neutrino opangidwa mumlengalenga wa dziko lapansi, likugwira ntchito mumgodi wa golide wa East Rand Proprietary Mines ku Boksburg, pa kuya kwa makilomita pafupifupi 3. Gulu lina linapeza zofanana chaka chomwecho m'migodi ya Kolar ku India. Pa 23 February 1987 nyenyezi inaphulika mu Large Magellanic Cloud, kamlalang'amba kamene kamaoneka ngati mtambo kuthambo la kummwera, ndipo makina a ku Japan, United States ndi Soviet Union anagwira ma neutrino pafupifupi 25 maola angapo kuwala kwa kuphulikako kusanaoneke.

Chitsanzo chimene chinasintha kwambiri kagwiridwe ka ntchito n'cha pa 17 August 2017. Masana a tsikulo, nthawi ya m'chigawo chino, LIGO inajambula chizindikiro chotenga masekondi pafupifupi 100, chochokera ku nyenyezi ziwiri za mtundu wa neutron. Nyenyezi zoterezi ndi zotsalira za nyenyezi zazikulu zimene zinaphulika, ndipo imodzi imalemera kuposa dzuwa ngakhale kuti m'mimba mwake ndi makilomita pafupifupi 20 okha. Patangopita masekondi 1.7, masetilaiti a Fermi ndi INTEGRAL anajambula kung'anima kwa ma gamma ray. Zimene Virgo inajambula zinathandiza kuchepetsa dera la kuthambo loyenera kufufuzidwa, ndipo patatha maola pafupifupi 11 telesikopu ya Swope ku Las Campanas, ku Chile, inapeza kadontho katsopano ka kuwala mumlalang'amba wa NGC 4993, pa mtunda umene kuwala kumatenga zaka 130 miliyoni kuti kuyende. Ma X-ray anaoneka patatha masiku 9, mafunde a wailesi patatha masiku 16. Malo oonera zakuthambo pafupifupi 70 anatengapo mbali, ndipo lipoti limodzi lofotokoza zonsezi linalembedwa ndi anthu oposa 3,000.

Kuwala kwa kuwombanako kunasonyeza kuti m'zochitika zotere mumapangika zitsulo zolemera. Asayansi amaona kuti kuwombana kwa nyenyezi za neutron ndi gwero limodzi la golide ndi platinamu, zitsulo zimene zimakumbidwa ku South Africa ndi ku Zimbabwe. Patangotha mwezi umodzi, pa 22 September 2017, makina a IceCube, amene ali ndi tizipangizo 5,160 tokwiriridwa m'madzi oundana ku South Pole, anagwira neutrino yamphamvu kwambiri imene inalozera ku mlalang'amba wakutali wotchedwa TXS 0506+056.

Zipangizo za m'chigawo chino

Makina a mafunde a mphamvu yokoka amamva chochitika, koma saloza bwinobwino kumene chachitikira. Kuti gwero lipezeke pamafunika matelesikopu amwazikane padziko lonse, ndipo chochitika cha kuthambo la kummwera chimaoneka bwino kuchokera ku Chile, Australia ndi kummwera kwa Africa. Usiku umafika kummwera kwa Africa maola angapo usanafike ku Chile, ndipo kusiyana kumeneku n'kofunika pa chinthu chimene kuwala kwake kumasintha ola ndi ola.

Ku Sutherland, m'chigawo cha Northern Cape ku South Africa, kuli Southern African Large Telescope, kapena kuti SALT, imene inatsegulidwa mu November 2005. Galasi lake ndi lotambalala mamita pafupifupi 11 ndipo linapangidwa ndi tizigawo 91. Telesikopuyi inali imodzi mwa zimene zinayeza kuwala kwa kuwombana kwa mu August 2017 m'masiku oyambirira. Pamalo omwewo pali MeerLICHT, telesikopu yaing'ono imene inakhala chitsanzo cha matelesikopu a BlackGEM a ku La Silla ku Chile, omwe cholinga chawo ndi kufufuza kuwala kwa magwero a mafunde a mphamvu yokoka.

Ku Namibia, kumapiri a Khomas pafupi ndi Gamsberg, kuli H.E.S.S., gulu la matelesikopu oyeza ma gamma ray amphamvu kwambiri. Linayamba ntchito mu 2002, ndipo mu 2012 linawonjezeredwa telesikopu yachisanu ya galasi la mamita 28. Pa 17 August 2017 H.E.S.S. inayamba kuyang'ana dera la chochitikacho patatha maola oposa 5 pang'ono, gwero lenileni lisanapezeke. University of Namibia ndi North-West University ya ku South Africa ndi ena mwa mamembala a gulu loyendetsa makinawa.

Pafupi ndi Carnarvon, ku Karoo, kuli MeerKAT, telesikopu ya mafunde a wailesi ya mbale 64, imene inatsegulidwa mu July 2018. Kuwonjezera pa kutsata zochitika zimene LIGO yalengeza, MeerKAT imafufuza mafunde a mphamvu yokoka mwa njira yakeyake. Pali nyenyezi za neutron zotchedwa pulsar zimene zimazungulira mofulumira n'kumatumiza kung'anima kwa wailesi pa nthawi yosaphonya ngati wotchi. Funde lalitali kwambiri likamadutsa pakati pa dziko ndi nyenyezi zoterezi, kung'animako kumafika mofulumirirapo kapena mochedwerapo pang'ono. Mu June 2023 magulu a ku North America, Europe, India, Australia ndi China analengeza umboni wa mafunde oterewa, ndipo mu December 2024 gulu logwiritsa ntchito MeerKAT linatulutsa zotsatira zake litayeza ma pulsar 83 kwa zaka zinayi ndi theka.

MeerKAT idzakhala gawo la Square Kilometre Array, kapena kuti SKA, ntchito imene mu 2012 inagawidwa pakati pa South Africa ndi Australia. Ntchito yomanga inayamba mu December 2022, ndipo mbali ya ku South Africa yakonzedwa kuti idzakhale ndi mbale 197. Mayiko asanu ndi atatu a mu Africa ndi abwenzi a South Africa pa ntchitoyi: Botswana, Ghana, Kenya, Madagascar, Mauritius, Mozambique, Namibia ndi Zambia.

Ntchito zimene zilimo

Gulu loyamba ndi la akatswiri a masamu ndi fizikisi amene amawerengera mmene funde liyenera kuonekera zinthu ziwiri zikamawombana. Masamu a Einstein ndi ovuta kwambiri moti kuwombana kwa ma black hole kumawerengedwa pa makompyuta akuluakulu, ndipo izi zinatheka bwinobwino koyamba mu 2005. Ntchito imeneyi sifuna makina a LIGO pafupi. Ku South Africa sayansi ya mphamvu yokoka ili ndi mizu ku University of Cape Town, kumene George Ellis wagwira ntchito zaka zambiri, komanso ku Rhodes University ndi ku University of KwaZulu-Natal.

Gulu lachiwiri ndi la osanthula zimene makina ajambula. Chizindikiro chimakhala chobisika m'phokoso, ndipo chimapezeka poyerekezera zojambulidwazo ndi zitsanzo mazana a zikwi zowerengedwa kale. Apa pamafunika masamu a statistics ndi luso lolemba mapulogalamu a kompyuta. Munthu woyamba kuona chizindikiro cha pa 14 September 2015 anali Marco Drago, wofufuza wachinyamata wa ku Italy amene anali pa kompyuta yake ku Hannover, ku Germany, kutali kwambiri ndi makinawo.

Gulu lachitatu ndi la omanga ndi okonza makina: akatswiri a leza, a magalasi, a zamagetsi, a mapampu ochotsa mpweya ndi a njira zotetezera zipangizo ku kugwedezeka kwa nthaka. Mwachitsanzo, ulusi wa galasi umene magalasi a LIGO amalendewerapo unakonzedwa mothandizidwa ndi akatswiri a ku University of Glasgow. Pa matelesikopu a ku Karoo ndi ku Sutherland pamagwiranso ntchito mainjiniya ndi amisiri ambiri amene ali ndi dipuloma kapena digiri yoyamba.

Gulu lachinayi ndi la openda zakuthambo amene amalandira chenjezo, n'kusankha mwamsanga kumene telesikopu iyenera kuloza, kenako n'kumasulira kuwala kumene apeza. Machenjezowa amafalitsidwa poyera pa intaneti kudzera mu General Coordinates Network ya bungwe la NASA. Gulu lomaliza ndi la oyendetsa makompyuta akuluakulu ndi nkhokwe zosungira zojambulidwa, monga a ku Centre for High Performance Computing ku Cape Town ndi a ku Inter-University Institute for Data Intensive Astronomy, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 2015.

Makwerero a maphunziro

Maziko amayalidwa ku sekondale, kumene masamu ndi fizikisi ndiwo maphunziro ofunika koposa. Pa digiri yoyamba wophunzira sayenera kudikira yunivesite yophunzitsa zakuthambo, chifukwa digiri ya fizikisi, masamu, uinjiniya wa zamagetsi kapena sayansi ya makompyuta ndi khomo lokwanira. Madigiri oterewa amapezeka m'mayunivesite monga University of Malawi ku Zomba, University of Zambia ku Lusaka, Copperbelt University ku Kitwe, Universidade Eduardo Mondlane ku Maputo ndi University of Zimbabwe ku Harare. Chimene osankha ophunzira amayang'ana ndi magiredi a calculus, linear algebra, mechanics, electromagnetism ndi statistics, luso la chinenero cha kompyuta cha Python, kafukufuku wa chaka chomaliza, ndi makalata a umboni ochokera kwa aphunzitsi amene akumudziwadi wophunzirayo.

Ku South Africa digiri yoyamba ya sayansi imatenga zaka zitatu ndipo imatsatidwa ndi chaka cha Honours, kenako Masters ya chaka chimodzi kapena ziwiri, ndi PhD ya zaka zitatu kapena zinayi. Satifiketi yochokera kunja imayamba yaunikidwa ndi bungwe la South African Qualifications Authority, ndipo kuunikaku kumatenga nthawi, choncho ndi bwino kuyamba msanga. Ku Europe PhD imatenga zaka zitatu kapena zinayi, pamene ku United States imatenga zisanu kapena zisanu ndi chimodzi chifukwa imayamba ndi maphunziro a m'kalasi. Akamaliza PhD, ambiri amagwira ntchito ya kafukufuku pa makontilakiti a zaka ziwiri kapena zitatu, kawirikawiri m'mayiko osiyanasiyana, asanapeze malo okhazikika.

Mwayi wa mu Africa

National Astrophysics and Space Science Programme, kapena kuti NASSP, inayamba mu 2003 ku University of Cape Town ndipo pambuyo pake inafalikira ku University of KwaZulu-Natal ndi North-West University. Imaphunzitsa Honours ndi Masters, ndipo kuyambira pachiyambi yakhala ikulandira ophunzira a m'mayiko ena a mu Africa. Bungwe la South African Radio Astronomy Observatory, limene limayendetsa MeerKAT, lili ndi ndondomeko yolipirira maphunziro imene inayamba mu 2005 ndipo yathandiza anthu oposa 1,000, kuyambira amisiri mpaka ofufuza a PhD.

African Institute for Mathematical Sciences, kapena kuti AIMS, inakhazikitsidwa mu 2003 ku Muizenberg, ku Cape Town, ndi Neil Turok, ndipo ili ndi nthambi ku Senegal, Ghana, Cameroon ndi Rwanda. Imapereka Masters ya chaka chimodzi ya sayansi ya masamu, ndipo osankhidwa amalipiriridwa maphunziro, malo ogona ndi chakudya. Kwa wophunzira wochokera ku yunivesite yosadziwika kwenikweni kunja, chaka cha ku AIMS chimathandiza kupeza aphunzitsi odziwika amene angamulembere kalata ya umboni.

Ndondomeko ya Development in Africa with Radio Astronomy, kapena kuti DARA, inayamba mu 2015 motsogozedwa ndi University of Leeds ya ku Britain mogwirizana ndi mabungwe a ku South Africa. Cholinga chake ndi kuphunzitsa omaliza digiri yoyamba a m'mayiko asanu ndi atatu a SKA aja, ndipo maphunziro ena a pamakina amachitikira ku Hartebeesthoek, pafupi ndi Johannesburg. Ophunzira a ku Zambia ndi Mozambique ali m'gulu limeneli, pamene Malawi ndi Zimbabwe sali pa mndandanda wa mayikowo, motero ophunzira awo amadalira kwambiri makomo ena monga AIMS ndi NASSP.

Palinso masukulu a nthawi yochepa. African School of Fundamental Physics and Applications inayamba ku Stellenbosch mu 2010 ndipo yachitikapo ku Ghana, Senegal, Rwanda, Namibia ndi Morocco. Bungwe la International Astronomical Union lili ndi ofesi yake ya zachitukuko ku Cape Town kuyambira mu 2011, ndipo nthambi ya ofesiyo ya kummwera kwa Africa inaikidwa ku Copperbelt University. Msonkhano waukulu wa bungweli unachitikira ku Cape Town mu August 2024, koyamba mu Africa.

Pa nkhani ya fizi, pangano la SADC la maphunziro, limene linasainidwa ku Blantyre mu 1997, limati mayunivesite asungire ophunzira a m'mayiko ena a SADC malo osachepera 5 mwa 100 alionse, ndiponso kuti ophunzirawo azilipira ngati nzika za dzikolo. Mayunivesite ena amawonjezerapo ndalama ina ya ophunzira akunja, choncho ndi bwino kufunsiratu.

Mwayi wa kunja

International Centre for Theoretical Physics ya ku Trieste, ku Italy, imene Abdus Salam anakhazikitsa mu 1964, ili ndi dipuloma ya chaka chimodzi yokonzekeretsa ophunzira a m'mayiko osauka kulowa PhD, ndipo imodzi mwa nthambi zake ndi ya cosmology ndi astroparticle physics. Bungweli lili ndi mnzake ku Kigali, pa University of Rwanda. Ku Trieste komweko kuli likulu la Organization for Women in Science for the Developing World, limene lakhala likupereka thandizo la PhD kwa amayi.

Pa mafunde a mphamvu yokoka penipeni, malo odziwika ndi Caltech ndi MIT, amene amayendetsa LIGO. Max Planck Institute for Gravitational Physics ku Potsdam ndi Hannover. Mayunivesite a Glasgow, Cardiff ndi Birmingham ku Britain. Gulu la OzGrav ku Australia. Ndi IUCAA ku Pune, ku India. Caltech ili ndi ndondomeko ya masabata pafupifupi 10 imene ophunzira a digiri yoyamba amachita kafukufuku ndi akatswiri a LIGO. M'mayiko monga Germany ndi Netherlands wophunzira wa PhD kawirikawiri amalembedwa ngati wantchito ndipo amalandira malipiro. Thandizo la Commonwealth Scholarships ku Britain ndi la DAAD ku Germany limalandiranso ofunsira maphunziro a sayansi. Kulikonse, wofunsira ayenera kukonzeratu pasipoti, zikalata za magiredi, ndipo nthawi zina mayeso a Chingerezi monga IELTS kapena TOEFL, amene amafuna ndalama ndithu.

Kuyamba ndi zimene zili pa intaneti

Nthambi imeneyi ili ndi mwayi umodzi umene nthambi zofuna labotale zilibe: zimene makina ajambula zimaikidwa poyera. Gravitational Wave Open Science Center imapereka kwaulere zojambulidwa za LIGO, Virgo ndi KAGRA, pamodzi ndi maphunziro osonyeza mmene munthu angapezere yekha chizindikiro cha mu 2015 pa kompyuta wamba. Kuyambira mu 2018 bungweli lakhala likuchititsa maphunziro a chaka ndi chaka, ndipo ambiri amatsatidwa pa intaneti. Malipoti ambiri a kafukufuku amawerengedwa kwaulere pa arXiv. Pa Gravity Spy, ntchito imene inayamba mu 2016, anthu wamba amathandiza kusiyanitsa mitundu ya phokoso m'makina a LIGO. Wophunzira wa chaka chomaliza amene wachita kafukufuku wake pa zojambulidwazi amakhala ndi ntchito yooneka yosonyeza pofunsira malo, ndipo mphunzitsi wa fizikisi amene alibe labotale yokwanira angazigwiritse ntchito pophunzitsa.

Zovuta zofunika kuzidziwa

Malo a ntchito yokhazikika m'mayunivesite ndi ochepa poyerekeza ndi chiwerengero cha omaliza PhD, ndipo zaka za makontilakiti afupiafupi zimavuta kwa munthu amene ali ndi banja kapena abale omudalira. Thandizo la ndalama nalo lili ndi malire. Malinga ndi ndondomeko imene bungwe la National Research Foundation la ku South Africa linayamba kutsata mu 2021, malo 95 mwa 100 alionse a thandizo la maphunziro apamwamba ndi a nzika ndi okhazikika m'dzikolo, ndipo 5 otsalawo ndi a ophunzira a SADC ndi mayiko ena onse.

Ndalama za ntchito zikuluzikulu zimadaliranso ndale za mayiko olemera. Mu 2021 Britain inachepetsa thandizo lake la chitukuko cha mayiko akunja, ndipo izi zinakhudza ndondomeko zambiri za kafukufuku mu Africa. Mu 2025 boma la United States linapereka ganizo la bajeti limene linkafuna kuti malo amodzi okha mwa awiri a LIGO azigwira ntchito, zomwe asayansi anazitsutsa kwambiri chifukwa makina amodzi sangaloze gwero. Chilengedwe nachonso sichifulumira: pofika kumapeto kwa 2025, pamene nyengo yachinayi yojambula ya LIGO, Virgo ndi KAGRA inatha, kuwombana kwa mu August 2017 kunali kudakali kokhako kumene mafunde ndi kuwala kwake zinatsimikizika limodzi. Wophunzira wa PhD amene ntchito yake yonse ikudikira chochitika chotere akhoza kumaliza zaka zake osachiona, n'chifukwa chake aphunzitsi odziwa amasankha mitu yosadalira mwayi wokha.

Komabe luso limene munthu amapeza, monga kulemba mapulogalamu, kusanthula manambala ochuluka ndi kukonza zipangizo zamagetsi, limafunika m'mabanki, m'makampani a inshuwalansi ndi a mafoni, m'maofesi a zanyengo ndi m'kafukufuku wa zaumoyo. Ambiri mwa omaliza maphunzirowa amapita ku ntchito zoterezi. Amene amabwerera kukaphunzitsa kwawo amakumana ndi makalasi aakulu, kuzimazima kwa magetsi ndi kudula kwa intaneti, ndipo amene amapitiriza kafukufuku amakhala amene asunga ubale ndi magulu a kunja.

Zimene zikubwera

Mu April 2023 boma la India linavomereza kumanga LIGO-India m'boma la Hingoli ku Maharashtra, makina amene adzathandize kuloza magwero molondola kwambiri. Mu January 2024 bungwe la European Space Agency linavomereza ntchito ya LISA, ya masetilaiti atatu otalikirana makilomita 2.5 miliyoni, imene yakonzedwa kuti idzaponyedwe m'mlengalenga cha m'ma 2035. Ku Europe akukonza Einstein Telescope, makina a pansi pa nthaka, ndipo ku United States akukonza Cosmic Explorer, ya mapaipi otalika mpaka makilomita 40. Vera C. Rubin Observatory ya ku Chile inatulutsa zithunzi zake zoyamba mu June 2025 ndipo ntchito yake ndi kujambula thambo la kummwera mobwerezabwereza kwa zaka 10. M'nyanja ya Mediterranean mukumangidwa KM3NeT, makina a ma neutrino amene mayunivesite ena a ku South Africa ndi Morocco akutengapo mbali.

Zambiri mwa zipangizozi zidzayamba ntchito yake yeniyeni m'zaka za m'ma 2030. Kuchokera pa chaka choyamba cha ku yunivesite kufika pa PhD pamatenga zaka pafupifupi 10, kutanthauza kuti ofufuza achinyamata amene adzazigwiritse ntchito ndi amene panopa ali ku sekondale kapena angoyamba kumene digiri yoyamba.